Ziliza za pa Boma la Mangochi: mwala anaugwira bwino, koma kabuku ka mbiri anakaphonya

Munthu wamba wa m'tauni yaing'ono ngati Mangochi akamwalira, palibe nyuzipepala imene imalemba mbiri yake, ndipo uthenga wa maliro ukaulutsidwa pa wailesi kapena kutumizidwa pa WhatsApp umangotchula dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi tsiku loika maliro. Zolembedwa zimene zimatsalira ana ndi zidzukulu ndi ziwiri zokha, mawu ozokotedwa pa chiliza ndi kabuku ka mbiri ya malemu kamene kamagawidwa pa mwambo wa chikumbutso. Ntchito ziwirizi banja lathu linazipereka kwa mmisiri wina wa ziliza pa Boma pano pamene tinkakumbukira malume athu, amene anali telala wa pakhonde kwa zaka zambiri. Ndikulemba kuti ena amene akusonkherana ndalama zomangira chiliza adziwe pamene angamukhulupirire mmisiri wotere ndi pamene ayenera kuimapo okha. Dzina la malowo sinditchula, popeza pali zina zimene ndidandaule nazo.

Malowo ali m'mbali mwa msewu, ndipo ziliza zomalizidwa amazindandalika panja moyang'ana odutsa, zina zili kale ndi mayina a eni ake, zina zikudikira. Kuseri kuli shedi ya malata mmene anyamata amadulira ndi kupukutira miyala ndi galaindala, fumbi loyera lili koboo, iwo atangodzimanga kansalu kumphuno. Zimenezi sizinandisangalatse, pakuti fumbi la mwala limawononga mapapo pang'onopang'ono, ndipo bizinesi imene imalandira ndalama zochuluka chotere siingalephere kugulira antchito ake zotchingira mphuno zenizeni. Ofesi ndi kachipinda kamodzi kokhala ndi tebulo, benchi, buku lalikulu lolembamo maoda ndi mulu wa zithunzi za ziliza zimene anamangapo m'midzi ya kwa Mponda, kwa Chimwala, ku Malindi mpaka ku Namwera.

Ziliza zawo zili m'magulu atatu. Chotsika mtengo ndi cha njerwa ndi simenti, chimene ena amachikuta ndi matailosi. Chapakati ndi cha telazo, ndiye kuti timiyala tophwanyaphwanya tosakaniza ndi simenti, toumbidwa m'chikombole kenaka n'kupukutidwa mpaka kusalala. Chodula kwambiri ndi cha mwala wakuda wa granite, umene wambiri umachokera ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndipo iwo amakautenga ku Blantyre utadulidwa kale. Mwini malowo, bambo wachikulire amene amayankhula Chichewa ndi Chiyao mosakaniza monga achitira anthu ambiri kuno, sanatikankhire ku chodulacho. Anatiletsa matailosi ponena kuti dzuwa la ku Mangochi limawatukumula pakangopita zaka zochepa, ndipo anatilangiza kuti mwala wa kumutu wokha ukhale wa granite, popeza ndi umene umanyamula dzina, pamene thupi lonse la chiliza likhale la telazo. Malangizo amenewa anatipulumutsira ndalama zambiri ndithu.

Chimene chinandichititsa kumukhulupirira munthuyu ndi chakuti poyamba anakana ndalama zathu. Malume anatisiya kumayambiriro a 2023, ndipo patangopita miyezi yochepa ana awo amene ali ku Johannesburg anatumiza kangachepe kuti ntchito iyambike msanga. Nditafika nazo, bamboyo anafunsa mwezi umene tinaika maliro, kenaka anapukusa mutu.

"Mayi, musathamange," anatero. "Dothi la kuno ndi lamchenga, manda aja sanakhazikike. Dikirani mvula igwe dzinja lathunthu kuti dothi lititimire. Tikamanga lero, chaka cha mawa chiliza chidzapendekeka, ndipo wotukwanidwa ndidzakhala ine."

Anali kunena zoona, chifukwa mvula itatha mtumbira unali utalowa pansi moonekeratu. Komabe kudikirako kunatidyera ndalama, pakuti mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo pamene tinabwererako chaka chotsatira mtengo wa simenti ndi wa mwala wochokera kunja unali utakwera kwambiri. Sindikumuimba mlandu chifukwa cha kugwa kwa ndalama, koma pali chinthu chimodzi chimene akanatiuza. Simenti siisungika, imauma m'thumba, koma mwala wa granite suwola, moti akanatilangiza kuti tilipiriretu mwala wokhawo pa mtengo wakale n'kuusunga m'shedi mwake. Munthu wodziwa ntchito yake chotere sangakhale kuti maganizo amenewa sanamufikire, ndipo amene mukupita kumeneko funsani zimenezi pa tsiku loyamba.

Pa nkhani ya mawu olemba pa mwala ndi pamene ndinaona kusiyana kwa mmisiri wa m'tauni momwemo ndi kampani ya kutali imene mumangoitumizira uthenga pa foni. Nditangotchula kuti malemuwo anali telala uja ankakhala pakhonde la sitolo cha kumsika, bamboyo anaika cholembera pansi n'kunena kuti kabudula wake wa yunifolomu ya ku pulayimale anasoka ndi iwowo, ndipo anakumbukira kuti ankasunga choko kukhutu ndi tepi yoyezera m'khosi ngakhale popita kukamwa tiyi. Kuchokera pamenepo sanaitenge ntchitoyi ngati oda wamba.

Vuto linabuka pa chaka chobadwa. Chiphaso cha unzika chimene malume analandira pa kalembera wa 2017 chinali ndi tsiku la 1 Januwale ndi chaka chongoyerekeza, monga zilili ziphaso za okalamba ambiri amene anabadwira m'mudzi popanda cholembedwa chilichonse. Ana awo ankafuna tikopere zimene zili pa chiphasocho. Mmisiriyo anafunsa ngati pali wamkulu wina wamoyo amene anawaona malume ali khanda, ndipo tinabwera ndi mlongo wawo wamkulu, amene ife timawatchula kuti amayi aakulu. Gogoyo atakhala pa benchi paja ananena mosakayika kuti mlongo wawoyo anabadwa chaka chimene sitima inamira pa nyanja n'kupha anthu ambiri, ndipo kuti pa njala yaikulu ya 1949 anali akuyenda kale, akulirira phala.

"Amayi, mukunena Vipya?" anafunsa mmisiriyo atawerama kuti amve bwino.

"Yomweyo, mwanangu."

Apo bamboyo anatembenukira kwa ine n'kunena kuti chakacho sitifunika kuchisaka kutali, chifukwa chinalembedwa pa chikumbutso chimene chili pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Sitima ya Vipya inamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja ya Malawi, ndipo anthu 145 anafera pangoziyo. Ambirife timadutsa pamalopo tsiku ndi tsiku osawerenga zimene zinalembedwapo. Anatilangiza kuti pa mwala tilembe chaka chokha cha 1946, popanda tsiku ndi mwezi, chifukwa kuzokota 1 Januwale kukanakhala kusindikiza bodza pa chinthu chimene sichifufutika. Banja linagwirizana nazo, ndipo kwa ine uphungu umenewu wokha unali woyenera theka la ndalama zimene tinalipira.

Anatiletsanso chithunzi. Masiku ano anthu ambiri akumata chithunzi cha malemu pa chiliza, koma iye anatiuza kuti zithunzi zotsika mtengo zimene angathe kuzipeza zimafwifwa ndi dzuwa mpaka nkhope kusazindikirika, ndipo zolimba zimayenera kuitanitsidwa kunja pa mtengo wina. M'malo mwake anajambula pa pepala kachithunzi ka makina osokera a mapazi, okhala ndi gudumu lake, n'kufunsa ngati tingalole kuti akazokote pamwamba pa dzina. Maganizo amenewa anathetsanso nkhani ina imene ikanativuta. Malume anali Mkhristu wa mpingo wa Anglican, koma akuchikazi awo ambiri ndi Asilamu, monga zimakhalira m'mabanja ochuluka kuno, ndipo akuluakulu ena a mbali imeneyo sankamasuka ndi nkhope ya munthu pa manda. Makina osokera sanakhumudwitse aliyense. Pa vesi, anatisonyeza mndandanda wa mavesi amene anthu amakonda, woyamba ndi 2 Timoteo 4:7 umene uli pa ziliza zosawerengeka, koma sanatikakamize, ndipo tinasankha salimo limene malume ankaliimba posoka.

Asanakhudze mwala analemba mawu onse pa pepala lalikulu lofanana msinkhu ndi mwalawo, chilembo chilichonse pamalo pake, ndipo anakana kuyamba mpaka mwinimbumba atawerenga n'kusainira m'munsi. Zilembo anazikumba mozama moti chala chimalowamo, osati zongokanda pamwamba zimene ndaziona pa ziliza zina, ndipo mizere yake ndi yowongoka.

Kumanda anachita zonse mwa mwambo. Anatikumbutsa kuti tikadziwitse amfumu ndi kupempha adzukulu kuti akatitsogolere, ndipo anyamata ake sanaponde m'manda mpaka adzukulu atafika. Maziko anakumba mozungulira manda pa nthaka yolimba, osati pamwamba pa mtumbira, n'kuikamo zitsulo ndi konkire ya miyala ya kwale. Anati chaka chimenecho ankazamitsa maziko kuposa kale chifukwa mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, ndipo m'midzi yotsika yoyandikana ndi Shire ndi Malombe nthaka inakhala yonyowa nthawi yaitali. Atathira konkire anasiya mnyamata mmodzi m'mudzimo kuti azithirira madzi m'mawa ndi madzulo n'kumaphimba ndi masaka onyowa, pakuti konkire ikauma mofulumira ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala imang'ambika. Mchenga ndi madzi tinapereka ndife, ndipo zimenezi anatiuziratu.

Zimene sanatiuziretu ndi mtengo wa galimoto yonyamula chiliza kuchokera pa Boma kupita kumudzi. Pa lisiti panalembedwa kuti "chiliza ndi kumanga," ndipo aliyense angamve kuti mayendedwe ali momwemo, koma tsiku lonyamula litafika anatiuza kuti lole ndi ya munthu wina ndipo tilipire tokha. Inali nthawi ija mafuta a galimoto ankasowa m'dziko muno kumapeto a 2024, moti mwini loleyo anatchula mtengo umene anafuna. Kuchedwa kwa masiku angapo ndinakumvetsa chifukwa aliyense ankaona mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta, koma kusayankha foni sindinakumvetse. Bamboyo akakhala kuti alibe yankho labwino amangoisiya foni ikuitana, pamene inu abale akukuimbirani kuchokera ku Lilongwe ndi ku Joni kufunsa ngati tsiku la mwambo lisinthe. Njira yokhayo yomupezera ndi kukwera kabaza n'kupita komweko.

Tsono ndifike pa kabuku ka mbiri, pamene pali dandaulo langa lalikulu. Pa chikwangwani chawo analemba kuti amasindikizanso mapologalamu a maliro ndi a chikumbutso, koma zoona zake n'zakuti ntchitoyi amaipereka kwa mnyamata wina wa kompyuta amene ali ndi kashopu kake kwina, ndipo mwini ziliza saiyang'anira monga ayang'anirira mwala. Ife tinapereka mbiri ya masamba awiri yolembedwa pamanja m'Chichewa, imene tinaisonkhanitsa pofunsa amayi aakulu aja, mayi amasiye ndi anzawo a malume a kumsika. Tinapempha kuti tione kaye asanasindikize, ndipo anavomera, koma tsiku lililonse ankati magetsi athima, mpaka timabukuto tinatifikira usiku wa tsiku loti mawa ndi mwambo, titasindikizidwa kale tonse.

Mnyamatayo ali ndi chikombole chimodzi m'kompyuta mwake chimene amathiramo munthu aliyense womwalira. Pachikuto pali nkhunda, mitambo ndi mitu ya m'Chingerezi imene sitinaipemphe, ndipo malo a mbiri ndi theka la tsamba basi. Kuti mbiri yathu ikwanepo anaidula yekha osafunsa, n'kusiya chaka chobadwa, ukwati, chiwerengero cha ana ndi zidzukulu, matenda ndi tsiku lomwalira. Zimene zinatsalazo zikanatha kukhala za mwamuna wina aliyense wa m'boma lino. Choipitsitsa n'chakuti pa tsamba la ndondomeko ya mapemphero panatsalira dzina la mpingo wina, la malemu amene anawasindikizira ife tisanabwere, ndipo chithunzi cha malume anachikoka m'mbali mpaka munthu wochepa thupi uja anaoneka wonenepa.

Zimene anadulazo ndi zimene zinali moyo wa munthuyo. Malume anapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, ali mnyamata, ndipo anali komweko mu Epulo 1974 pamene ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, ngozi imene inachititsa Dr. Kamuzu Banda kuimitsa zotumiza anthu ku migodiko. Pobwerera kwawo sanagule wailesi yaikulu kapena njinga monga anzawo ambiri, koma makina osokera a Singer, amene anawapalasa ndi mapazi mpaka maso atayamba kuchita chidima. Anayamba ntchito pa nthawi imene lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi madiresi osafika m'munsi mwa mawondo, ndipo ankasimba akuseka kuti ndalama zawo zoyamba anazipeza potalikitsa madiresi a atsikana. Ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu, mikanjo ya Asilamu nyengo ya Eid ikayandikira, zovala za amayi a mpingo, komanso kuika zigamba pa akabudula a asodzi, amene nthawi zina ankalipira ndi chambo kapena mbale ya usipa. Kaunjika atadzaza misika, ndiponso yunifolomu itasiya kukhala yokakamiza pamene maphunziro aulere a pulayimale anayamba mu 1994, atelala ambiri anatseka makina, koma iwo anatembenukira ku ntchito yochepetsa ndi kukonza zovala za kaunjika zomwezo, ndipo ndi imene inaphunzitsa ana awo omaliza. Anaphunzitsanso kusoka anyamata angapo osawalipiritsa, ena mwa iwo ali ndi makina awo lero ku Monkey Bay ndi ku Namwera. Zonsezi mnyamata wa kompyuta anaziona ngati mawu owonjezera oyenera kuchotsa kuti nkhunda ikwane.

Pa mwambowo mwinimbumba anawerenga mbiri yonse kuchokera pa mapepala athu a pamanja, choncho amene anabwera anaimva, koma kabuku kamene anthu anapita nako kwawo ndi kodulidwa kaja. Nditakadandaula, mwini ziliza sanakane mlandu kapena kuukankhira kwa mnyamatayo. Anawerenga kabukuko, anafika pa dzina la mpingo lija, n'kunena kuti, "Pepani mayi, apa talakwa, ndipo talakwira munthu amene anandisokera ine." Anasindikizitsanso timabuku tochepa tokhala ndi mbiri yonse ndi ndalama zake, tokwanira ana ndi abale apafupi. Ndikuyamikira mtima umenewo, ngakhale kuti mwambo unali utadutsa ndipo alendo ochokera kutali sitingawatsatire m'modzim'modzi kuti tiwasinthire. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo amene sangakhudze mwala popanda siginecha ya mwinimbumba amalola kuti mapepala otuluka m'dzina la bizinesi yake asindikizidwe popanda wina kuwawerenga.

Chilizacho tsopano chapyola dzinja limodzi. Sichinapendekeke, mwala wa kumutu uli nji, ndipo makina osokera aja akuoneka bwino lomwe moti ana odutsa ndi adzukulu amadziwa kuti pagona telala asanawerenge dzina. Utoto wagolide wa m'zilembo wayamba kufwifwa mbali yoyang'ana dzuwa, zimene anatichenjezeratu, ndipo popeza zilembozo n'zozama zimawerengeka ngakhale utoto utachoka. Pa ngodya imodzi ya telazo panaoneka kamng'alu kakang'ono mvula itatha, ndipo titawauza anatumiza mnyamata kudzamata osalipiritsa, ngakhale kuti mtengo wa kabaza wake tinalipira ndife.

Amene akufuna chiliza cholimba pa mtengo wosaboola m'thumba, makamaka ngati manda ali m'midzi yozungulira Boma, sadzanong'oneza bondo ndi mmisiri ameneyu, bola aonetsetse kuti pa lisiti palembedwa mtundu wa mwala, muyeso wake, mayendedwe ndi tsiku lomaliza ntchito, ndipo ndalama zotsala azipereke chiliza chitaima. Ndalama amalandira pamanja kapena pa Airtel Money ndi Mpamba, theka poyamba. Nyengo yabwino yoperekera oda ndi mvula ikangotha, cha mu Meyi kapena Juni, chifukwa kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mabanja ambiri amakhala akumanga ziliza ndipo shedi imadzaza. Koma kabuku ka mbiri musakaphatikize pa oda imeneyi. Kalembeni nokha, mupite nako kwa wosindikiza amene mungakhale naye pambali pa kompyuta, muwerenge tsamba lililonse pamodzi ndi wamkulu wa m'banja, ndipo musalole kuti asindikize ambiri musanagwire kamodzi m'manja, kukadali sabata yathunthu mwambo usanafike.